Tabo ya Alamu ndi Madzi a Sopo

Anthu ankangowatchula kuti a Khutu. Zaka makumi atatu ali pansi pa maboneti, sanagulepo makina oyezera matenda a galimoto. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchitsamiritsa kukhutu, n'kutsinzina ngati akupemphera. Akatsegula maso, matenda apezeka.

Anatchuka ndi kuchiza ulesi wa tabo, kachipangizo kamene kamazunguzidwa ndi utsi n'kumakankhira mpweya mu injini. Ulesiwo aliyense amaudziwa: waponda moto, galimoto iyambe yaganiza kaye, n'kudzadzidzimuka mpata wopitirira lole utatha kalekale. A Khutu ankaponda n'kumawerenga, "Wani, thuu, fili," mpaka itadzuka. Makasitomala ena, a Khutu ankawaikira tabo yocheperako, poti yaikulu kudzuka kwake n'kwa munthu wokhuta. Ena ankawafupikitsira mapaipi. Ambiri ankangowakalipira: "Tsitsani giya, injini iyambe yalira! Mukuiponda ili m'tulo?"

Koma ukalamba sugogoda. Khutu lija linayamba kugontha pang'onopang'ono, ndipo a Khutu anabisa nkhaniyi ngakhale kwa akazi awo. Ankaopa kwambiri, chifukwa dzina lawo ndi chakudya chawo zonse zinali m'khutumo.

Tsiku lina kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, munthu wogulitsa mazira amene pakamwa pake sipagona nkhani.

"Alamu, galimoto iyi ikuchita kufika pa folo isanadzuke," anatero. "Ikakukanikani lero, ndiwolokera kwa amakanika a kompyuta aja tsidya la msewu."

A Khutu anatsuka sefa ya mpweya. Folo. Anagogoda ekizozi kuona ngati yatsekeka. Folo yemweyo. Mumtima ankadziwa kuti penapake paipi ikutaya mpweya, ndipo kale akanamva kamluzu kake ali pakhomo. Anatsamiritsa sikuludiraiva, kutsinzina, osamva kanthu koma mtima wawo. Thukuta linali kamukamu, alamu akuyang'ana wotchi.

Apa m'pamene mayi akunyumba analowa ndi chakudya chamasana, ndi kabeseni ka madzi a sopo osamba m'manja. Anaima pambali pa injini ikulira, n'kupendeketsa mutu pang'ono. Kenaka mayi amene sanagwetsepo ngakhale supuni anapunthwa pa simenti yosalala, madzi onse khuthu pa paipi yochokera ku tabo.

"Achemwali, mwatani kodi!" anakuwa alamu.

"Pepani achimwene, mafuta ali pansiwa," anatero mayiwo, chonsecho pansi pali pouma gwa.

A Khutu anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma maso awo anagwera pamene paipi imalumikizana ndi inzake. Thovu linali kufufuma, kuphulika, kufufumanso. Anabwezera sikuludiraiva kukhutu msangamsanga, n'kutsinzina nthawi yokwanira kuti ulemu ubwerere.

"Chete nonse. Ndaimva. Ikupumira apa."

Anasintha kapaipi kong'ambikako, kumanga zolimba, n'kukwera ndi alamu kukayesa. Sanamalize n'komwe kunena "thuu," galimoto inalumpha, mazira kumbuyo n'kuwombana. Alamu anachoka akulumbira kuti khutu lotere kulibenso, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utamva.

Atatsala awiri, a Khutu anakhala pa tayala n'kumadya osayang'ana akazi awo. Manyazi anawagwira, komanso chisoni, komanso kuthokoza kumene sankadziwa poyambira.

"Mayi," anatero potsiriza, "mwadziwa liti?"

Mayiwo anayankha akupukuta kabeseni kaja. A Khutu anaona milomo ikugwedera, basi. Anafuna kungogwedeza mutu monga ankachitira ndi makasitomala, koma anaika mbale pansi.

"Sindinamve. Bwerezani."

Mayiwo anasendera pafupi, n'kuika pakamwa pa khutu lotchuka lija.

"Ndati chaka chatha, bambo. Tsiku limene munasiya kundiyankha ndikamakunenani kukhitchini."