Nambala Inali Yanga, Dzina Linali la Abiti Jafali

Ine ndinalanda mwana wanga sukulu ndi manja angaanga. Sindinamuletse kuphunzira, sindinadye ndalama zake, sindinamukakamize banja ayi. Ndinangozengereza kukonza kanthu kakang'ono ka pa foni, kanthu kongofuna tsiku limodzi. Ndikuulula izi chifukwa ndikudziwa kuti pakati pa inu owerenga alipo ambiri amene akuyenda ndi cholakwa chomwechi m'thumba, osadziwa n'komwe.

Ndine mayi wogulitsa nsomba zouma. Ndimakhala kufupi ndi ku Insaca, nsomba ndimakagula ku Amaramba, ndipo ndimazitumiza kwa amayi ogulitsa pamsika ku Cuamba, pena pa shapa, minibasi zathu za kuno, pena pa sitima ya ku Entre Lagos. Ndinabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, makolo anga atathawira kumeneko. Mtendere utabwera tinabwerera, ndipo bambo anga anatanganidwa ndi kuzula zitsa ndi kumanga nyumba. Zokalembetsa mwana kuboma sizinali m'mutu mwawo. Choncho ndinakula, kukwatiwa, kubala mwana wanga Rozita, mpaka kuika mwamuna wanga m'manda, ndilibe bilyete, chitupa chathu cha unzika chija.

Ku Amaramba ndinali ndi mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, dzina lake Abiti Jafali. Anali mayi wachisilamu, wamkulu kwa ine, wodziwa kuwamba milamba ndi makumba moti nsomba zake sizinkafumbwa msanga. Iyeyu ndi amene ankapita kudooko kukakangana mitengo ndi asodzi m'Chiyao, ine n'kumangofika kudzalongedza m'matumba. Ankandiseka kuti ndine Mmalawi woopa madzi, ine n'kumamubwezera kuti iye ndi nsomba yovala mpango. Tinkadyera mbale imodzi, kusiyana kwathu kunali kopemphera kokha.

Pamene aboma anayamba kunena kuti nambala iliyonse ya foni ilembedwe m'dzina la munthu wa bilyete, ine ndinagwira njakata. Tsiku lina pamsika wa ku Insaca, Abiti anamasula mfundo ya kapulana yake, chitenje chija, kutulutsa bilyete lake, n'kupatsa munthu wolembetsa manambala a foni.

"Lembani langali," anatero. "Dzina silikutha ngati sopo. Foni ndi yake, dzina ndi langa, vuto lili pati?"

Tinaseka tonse, ndipo nambala yanga inayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo.

Foni ija inasintha malonda anga, zimenezo sindingakane. Kale ndinkakwera ndekha ndi matumba mpaka ku Cuamba, n'kubwerako ndalama nditamangirira m'chiuno, mtima uli phaa njira yonse. Tsopano amayi aja ankangoimba, ine n'kukweza katundu, ndalama n'kulowa m'foni ndili pakhomo panga. Ndinaikhulupirira kwambiri foniyo moti ndinagulitsa mbuzi zanga zonse, ati mbuzi zimabedwa, zimadwala, zimadya chinangwa cha eni. Zonse ndinaika m'foni. Ndinkasungira chinthu chimodzi chokha: Rozita akhale mphunzitsi. Mwanayu kuyambira ali wamng'ono ankasonkhanitsa anzake pansi pa mtengo wa mango n'kumawalembera pansi ndi kamtengo.

Tsono apa ndi pamene pali tchimo langa, inu owerenga. Patapita zaka, aboma anabwera kudzalembetsa anthu opanda zitupa, ndipo nanenso ndinalandira bilyete langa, la nkhope yanga. Chinatsala n'kungokwera shapa ndi Abiti, kupita ku loja, sitolo ya kampani ya foni ku Cuamba, n'kukasinthitsa dzina. Rozita anandikumbutsa kangapo konse. Ine ndinkamuyankha kuti tsiku limenelo nsomba aziyanika ndani, komanso ulendo wa anthu awiri ndi ndalama. Pena ndinkamunyoza kuti sukulu yamupatsa mantha. Pini ndinkaidziwa ndekha, foni inkagona pamtima panga, ndiye dzina likanandichita chiyani? Abiti naye ankangoseka, ati sakufa mawa. Paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chaka chimene Rozita anakhoza mayeso olowera sukulu ya uphunzitsi, dzina lake linatuluka mvula ili mkati. Ndinavina pabwalo ngati mwana. A kusukuluko anatiuza kuti pasanathe sabata zinayi akhale atalipira matirikula, ndalama yolembetsera ija, n'kufika ndi zofunika zonse za kogona. Akapanda kutero, malo ake apatsa wina wa pamndandanda wodikira. Ine sindinade nkhawa, ndalama zinalipo zokwanira ndi kutsalako.

Sabata yomweyo Abiti anadwala mutu, kugona masiku awiri, n'kutisiya. Uthenga unandipeza masana, ndipo pomwe ndinkafika ku Amaramba n'kuti akuchokera kumanda, poti anzathu achisilamu sagoneka maliro. Ndinalira mnzanga, ndinalira zenizeni. Za foni sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Patatha masiku, amayi a ku Cuamba anayamba kuimba kufuna katundu. Ndinati ndigwire ulendo umodzi wokha, kenako ndikatape ndalama zonse ndimuperekeze Rozita. Popeza wopita kudooko uja kunalibenso, ndinalowa m'madzi ndekha, ine Mmalawi woopa madzi. Ndikuwerama kuti ndinyamule dengu m'bwato, foni inapulumuka pachifuwa n'kugwera m'madzi. Asodzi anandithandiza kufufuza m'matope ndi m'mabango mpaka miyendo kuchita dzanzi, koma sinapezeke.

Ngakhale pamenepo sindinaope. Ndinkadziwa kuti ndalama sizikhala m'chitsulo chija, munthu amangokatenga kartawu kena, kasimukhadi kaja, ka nambala yomweyo. M'mawa mwake ndinakwera shapa wa ku Cuamba, bilyete langa lili m'manja. Mtsikana wa mu loja anandilandira bwino, analemba nambala yanga pa makina ake, kenako anayang'ana bilyete langa nthawi yaitali.

"Mayi, pano pakuoneka dzina lina. Mwini wake abwere yekha ndi bilyete lake."

"Mwini wake ndine, mwanangu. Pini ndikuidziwa, ndalama zimene zilimo ndingakuuzeni."

"Ndikukumvani, mayi. Koma kwa ife mwini ndi amene analembedwa. Tikapereka kwa aliyense wodziwa pini, akuba atha anthu."

Nditamuuza kuti mwini dzinalo tinamuika m'manda, anandimvera chisoni, koma anati ndalama za womwalira zimatuluka kwa olowa m'malo mwake, atabweretsa kalata ya imfa ndi mapepala ena a kuboma. Ndinakhala pansi pakhonde la loja ija, anthu akundidutsa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkasunga chuma changa m'nyumba ya mwini, ine ndili ndi kiyi chabe.

Inu owerenga, palibe ulendo umene unandichititsa manyazi ngati umene ndinayenda kubwerera ku Amaramba. Kupita pakhomo pa anamfedwa, misozi isanaume, kukanena za ndalama. Ndinapeza mwana wa Abiti, Che Yusufu, amene ndi msodzi, ali ndi amalume ake a Che Bwanali, mwini mbumba. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. A Che Bwanali anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, inu si mlendo pano, mlongo wanga ankakukondani. Koma pakhomo pathu pano za womwalira sitizikhudza mpaka arubaini ipite, sadaka ya masiku makumi anayi. Tikayamba lero kuyenda ndi bilyete lake m'maofesi, abale adzati tikuthamangira chuma dothi la pamanda lisanaume. Pirirani."

Sanalakwe. Mwambo ndi wawo, maliro ndi awo, ndipo amene anabwereka dzina ndine. Koma masiku makumi anayi awo anali aatali kuposa masiku amene sukulu inatipatsa.

Ndinathamanga uku ndi uko. Mbuzi zoti ndigulitse ndinalibe. Manambala a amayi a ku Cuamba anamira limodzi ndi foni, sindinalembepo ngakhale imodzi papepala. Ndinawalondola pamsika, anandithandiza pang'ono, koma inali miyezi ya njala, aliyense akuyang'ana pakhomo pake. Rozita anakapempha kusukulu kuti amudikire, anamuwonjezera masiku ochepa, nawonso anatha. Tsiku lomaliza anachapa zovala zimene anakonzera ulendo, ngakhale zinali zoyera kale, anazipinda n'kuzibwezera m'sutikesi. Sanandiimbe mlandu. Bola akanandilalatira.

Pa arubaini mitima ina inali itatembenuka. Kunali manong'onong'o akuti Abiti ankabisa chuma m'foni, ndipo ine Mkhristu wobwera ndikufuna kulanda ana amasiye. Ndinangoweramitsa mutu, poti pepala linkavomereza iwo. Anthu atadya, Che Yusufu anaimirira pamaso pa shehe ndi abale onse.

"Amayi anga foni sankadziwa n'kuidina komwe. Ndalamazo ndi thukuta la amayi awa. Ndikadyapo ngakhale metikali imodzi, ndikayankha chiyani kwa Mulungu?"

Munthu ameneyu anasiya maukonde ake kangapo kuyenda nane, kwa sekeretariyu wa mudzi, ku Insaca, ku Cuamba, kubwezedwa, kupitanso. Imfa ya Abiti inali isanalembedwe paliponse, ndiye chilichonse chinayambira pansi. Zinatenga miyezi, chimanga chinacha mpaka kukololedwa. Tsiku limene ndalama zinatuluka m'dzina la Che Yusufu, anandipatsa zonse pakhomo pa loja pomwepo, ndipo anakana ngakhale ya shapa. Sipanasowe kanthu. Palibe amene anandibera, palibe amene anandinamiza, aliyense anachita zoyenera. Koma malo a Rozita anali atakhalapo mwana wa wina.

Chaka chotsatira analembanso mayeso aja, dzina lake silinatuluke. Chaka chinacho anati watopa, ndisamuvutitse.

Tsono ndikukupemphani, inu owerenga, makamaka anzanga amene tinabwerera opanda zitupa n'kubwereka mayina a amuna athu, alamu athu, anzathu apamtima. Funsani lero kuti nambala yanu ili m'dzina la yani. Ngati si lanu, mutengeni mwini dzinalo akadali moyo, mukadali pachikondi, mukwere naye shapa mukasinthitse. Nsomba za tsiku limodzi zikaola, ziole. Musanyengedwe ndi pini, pini imatsegula chitseko koma siikupatsani nyumba. Ndipo foni ndi yabwino, ine mpaka lero ndimagulitsira momwemo, koma musaike moyo wanu wonse m'menemo. Siyani kambuzi m'khola, lembani manambala a anthu anu m'kope. Ngati pali cholipira cha mwana, lipirani tsiku lomwe mwamva, musati ndiyambe ndagwira ulendo umodzi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Abiti sindimudandaula, anandibwereka dzina lake ndi mtima woyera, ndipo ndikamapita ku Amaramba ndimamusowabe. Wolakwa ndine, amene sindinabweze chobwereka nthawi ikadalipo.

Lero nambala ili m'dzina langa, ndipo kusinthako kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwamba mlamba umodzi. Rozita ndimagwira naye ntchito ya nsomba. Ndiye amalemba mayina a amayi a ku Cuamba pamatumba tisanakweze pa shapa. Amalemba bwino mwana wanga, zilembo zoongoka, zazikulu, zoti wokhala kumbuyo kwa kalasi awerenge. Oyendetsa shapa amayamikira kuti matumba athu sasochera. Ine akamatero ndimayang'ana kumbali.