Amene Ankasunga Golo la Mpatsanjoka

A Potiphar Kasuba ndinawadziwa chifukwa cha bedi. Nditafika ku Dubai mu 2021, kampani yathu ya sekyulite inandiponya m'chipinda cha anthu sikisi ku Hor Al Anz, ndipo bedi lotsala linali lam'mwamba, pamutu pa iwo. Ine ndine Thumbiko. Kuyambira nthawi imeneyo timalondera nyumba imodzi ya masitolo a nsalu ku Bur Dubai, iwo geti lakutsogolo, ine lakumbuyo kotsitsira katundu.

Ndi bambo wa zaka makumi anayi ndi zinayi, kwawo ku Salima, wamtali, manja ngati mafosholo. Mowa samwa, fodya sasuta. Pantchito ali ndi mbiri imodzi yokha: sachoka pamalo. Shifiti yathu ndi ya sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, ndipo ife enafe timazembako pang'ono kukamwa tiyi wa karak pakona, kapena kukabisala pa eyakoni dzuwa la Ogasiti likafika poti munthu wayamba kuiwala dzina lake. Iwo ayi. Amwenye a m'masitolomo amanena kuti kampani inachita kuwakhomerera ndi misomali. Lamulo limati foni izikhala mu loka, kakabati kokhoma, mpaka poweruka. Tonse timaibisa mu sokosi, kupatula iwo.

Munthu wofatsayu anali ndi nkhani imodzi imene inkamusandutsa wina, nkhani ya chaka cha 2004.

Anaphunzira zomangamanga pa koleji ya ntchito zamanja ya Mpatsanjoka, koleji yakalekale ya amishoni, imene timu yake ya mpira inayamba agogo athu akadali anyamata. Timuyo inkadziwika ndi ukale wake basi, kupambana ayi. Koma mu 2004 inasewera masewera eyitini mu ligi ya makoleji, inapambana fifitini, inalepherana atatu, osagonja ngakhale kamodzi. Chaka chonse inangomwetsedwa zigoli zisanu. Ndipo pagolo, malinga ndi a Kasuba, panali a Kasuba.

Manambala amenewa ndimawadziwa kuposa nambala ya pasipoti yanga, chifukwa ndawamva kosawerengeka. Pachimake pa nkhaniyo panali penate ya masewera omaliza, mphindi ziwiri kuti mpira uthe.

"Mnyamata uja maso anayang'ana kumanzere," ankatero ataima pakati pa mabedi, miyendo atatang'adza, "koma phazi lopondera linaloza kumanja. Ndinati iwe, ungapusitse amako, osati ine."

Akatero ankadziponya pa matilesi, bedi langa m'mwambamo n'kugwedezeka. Robert, mnzathu wa ku Chipata amene amatsuka mbale ku hotela, ankafunda pilo kumutu n'kumati, "Mudala, mwayamba futi? Khalas, zakwana, tinamvela kudala!" Koma ankamvetsera ndithu, ndinkamuona.

Chinthu chimodzi chinkandidabwitsa. Amalawi ndi Azambia timakumana nthawi zina pa kabwalo ka ku Al Twar kumenya mpira, ofu ikagwirizana. Goloboyi ndiye amatisowa nthawi zonse. A Kasuba ankabwera, n'kukhala pambali atagwira mabotolo a madzi, koma ukawapempha kuti alowe pagolo ankasisita bondo. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Ali ndi mwana mmodzi, Wendy. Mayi ake a Wendy ali ku Salima, amagulitsa kaunjika, ndipo za mpira sadziwa ngakhale kuti osewera amakhala angati. Wendy ndiye anakula akumva nkhani ya penate ija. Atamaliza Fomu 4 anakhoza bwino moti akanatha kupita kwina, koma anasankha Mpatsanjoka, zamagetsi, ati akufuna kuyenda pamene bambo ake anayenda. Anayamba mu Januwale 2024. A Kasuba anatigulira tonse karak tsiku limenelo, chinthu chimene sindinachionepo kale kapena pambuyo pake.

Kumayambiriro kwa Seputembala anangosintha. Chakudya ankachisiya chatheka, penate sinagwidwenso m'chipinda mwathu. Robert mpaka anafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Lamulungu lina tonse awiri tili pa ofu, pochokera ku tchalitchi, anati tikwere abra, kaboti kowolotsa anthu pa mtsinje wa pakati pa tauni, m'malo mwa sitima ya Metro. Tili pakati pa madzi anandipatsa foni.

"Tamvera izi, Thumbiko."

Kuno kuimbirana pa WhatsApp sikutheka, timangotumizirana mavoyisi. Inali voyisi ya Wendy, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe. Ankati koleji ikonza chikondwerero cha zaka makumi awiri za timu ya 2004, Loweruka loyamba la Okutobala. Kaputeni wa timuyo, a Rodney Chiza a ku Mzuzu, apeza chithunzi chakale cha timu chimene chinasowa, ndipo akufuna ajambulitse china ngati chomwecho, aliyense pamalo pake, atavala nambala yake. Amene sangabwere atumize womuimirira. "Adadi, ine ndivala nambala wani! Anzanga onse ndawauza kale."

"Zabwinotu izi, madala," ndinatero.

"Nambala wani ndi ya Rodney."

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana madzi.

"Sindinagwirepo mpira chaka chimene chija, Thumbiko. Ngakhale mphindi imodzi. Ndinali goloboyi wachiwiri, ndipo Rodney sankavulala. Penate ija anagwira ndi iyeyo, chala chinathyokera pomwepo. Ine ndinaonera pa benchi."

Ndinafuna kuseka, ndisaname, ndikakumbukira mmene bedi langa lavutikira zaka zitatu. Koma nkhope yawo sinali yoti munthu n'kuseka.

Anandifotokozera ntchito imene ankagwira. Masiku amenewo, ndipo mwina mpaka pano, matimu ankaopana pa nkhani ya mankhwala. Ankati adani akhoza kukwirira kanthu pamzere wa golo kapena kupaka zinthu pa mitengo yake, goloboyi n'kumaona mipira iwiri. Ndiye kochi wawo anaika lamulo. Tsiku la masewera, kukangocha, goloboyi wachiwiri azikaima pagolo ndi botolo la madzi a mchere, awaze mzere wonse, ndipo pasayandikire munthu, galu kapena mbuzi mpaka oyimbira ataliza wezulo yoyambira. Masewera akakhala a koyenda, ankatsogola yekha pa matola dzulo lake.

"Nanga golo linalo?" ndinafunsa, poti magolo amakhala awiri.

"Linalo ankasunga mkulu wina wotchetcha udzu pakoleji. Anamwalira."

Kuyambira sikisi m'mawa mpaka fili koloko masana, osadya, osakhala pansi, kukodza komwe kuseri kwa ukonde maso ali pamzere. Anzawo akuimba nyimbo m'basi, akuvala limodzi, akupemphera atagwirana mapewa, iwo ali chilili pakati pa mitengo iwiri. Wezulo ikalira, Rodney ankabwera, n'kuwamenya paphewa, iwo n'kupita pa benchi. Chithunzi chija chinajambulidwa pakati pa bwalo masewera omaliza asanayambe, ndiye mukudziwa kale kumene iwo anali.

Ine za mankhwala a mpira sindikhulupirira. Mchere ndi wa mu ndiwo. Koma ndinawafunsa chimene chinawanamitsa, popeza mendulo yopambana ligi anapatsidwa ngati wina aliyense.

"Ndi mendulo yomweyo," anatero. "Ili pakhoma kunyumba. Wendy ali ndi zaka sikisi anandifunsa kuti adadi munachita chiyani kuti akupatseni. Ukanakhala iwe ukanamuuza kuti ndinkawaza mchere?"

Ine mwana ndilibe.

Chimene chinkawadya sichinali manyazi awo okha. Ankaona Wendy akupita kutsogolo pamaso pa koleji yonse, anzake akuombera m'manja, akutambasula dzanja kuti alandire jezi, kenako madoda akuyang'anana n'kufunsa kuti kodi mwanayu ndi wa ndani. Ndinawauza zoona zokhazokha: mlandu suwola, madala, muuzeni mwana lero lomwe, amve kwa inu osati kwa anthu. Anavomera. Ndipo anayesadi, ndine mboni. Tsiku lililonse tikuyembekezera basi ya kampani ankapita pambali, n'kuika foni pakamwa. "Wendy mwanangu, pali nkhani ina." Ankalankhula mphindi imodzi, ziwiri, kenako chala n'kupita pa kabini kofufutira. Ndinawerenga mavoyisi naini ofufutidwa sabata imodzi, kenako ndinatopa nako kuwerenga.

M'malo mouza mwana anachita chinthu chimene chinandikwiyitsa. Anatumiza voyisi kwa a Rodney, munthu amene anali asanalankhule naye zaka khumi, kuwapempha kuti amubwereke Wendy jeziyo tsiku limodzi lokha. Yankho linabwera mawa lake, ndipo anandimvetsera tili m'basi.

"Potiphar, m'bale wanga, ndamva. Koma jezi imeneyo sindingapereke. Chala changa mpaka lero sichipindika, batani la shati amandimangira ndi akazi anga. Nanenso ana anga adzakhalapo. Mwanayo abwere basi, tidzamulandira."

"Mwaonatu," ndinatero. "Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kwatsala masiku anayi."

"Ndimuuza mawa, inshallah."

Mawa limenelo silinafike. Loweruka linakwana tonse tili pa shifiti. Mwambo unkayamba thu koloko kwathu, imene kuno ndi folo. M'mawa tikuvala yunifolomu ndinawauza kuti lero lokha aike foni mu sokosi, mwina mwana angafune bambo ake, ndipo supavayiza akabwera ndidzamuchedwetsa kumbuyo. Anaigwira foniyo kanthawi, kenako anaiika mu loka n'kukhoma.

"Ndili pa geti," anatero.

Nthawi ya folo ndinazemba kukawasuzumira. Anali pomwepo, manja kumbuyo, thukuta likutsika m'khosi, akulozera mayi wina wachiarabu kumene kuli sitolo ya nsalu za makatani. Ukanawaona sukanadziwa kuti kwinakwake kukuchitika kanthu. Mtima unandiwawa, ndipo ndinawakwiyiranso nthawi yomweyo.

Sikisi itakwana tinalowa m'kachipinda ka maloka. Anatsegula foni ine ndili pambali pawo, osadzibisa n'komwe kuti ndikuonera. Panali zithunzi ziwiri ndi voyisi imodzi, zonse zochokera kwa Wendy.

Choyamba chinali chakale chija, chofiirira. Anyamata owonda mizere iwiri, ena atagwada, Rodney pakati atanyamula mpira. Kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa phewa la kochi, golo linkaoneka laling'ono ngati bokosi la machesi, ndipo pakati pake panali kamunthu. Nkhope sinkaoneka. Koma kaimidwe kaja, manja kumbuyo, ndinali nditakaona maola awiri apitawo.

Chachiwiri chinali cha tsiku lomwelo. Madoda a mimba ndi zipara mizere iwiri yomweyo, ogwada akuoneka kuti adzafunika kuwadzutsa, a Rodney pakati atavala nambala wani, chala chimodzi chili njo. Kumbuyo, pakati pa mitengo ya golo, panaima mtsikana wovala tisheti wamba, botolo lili m'manja.

A Kasuba anakhala pa benchi. Anatsegula voyisi ija. Kunkamveka mphepo ndi phokoso la anthu chapatali, ndipo mawu a Wendy sanali okwiya kapena osangalala.

"Adadi, a Rodney ananditengera pambali mwambo usanayambe. Andionetsa malo anu, ndiye ndaima pomwepo. Koma ndiye n'kutalitu, adadi. Anzako akamaseka sumva n'komwe chimene akuseka. Munkaima nokhanokha chonchi masewera onse?"

Anaimvera katatu. Panja dalaivala wa basi anali atayamba kale kuliza hutala, akukuwa yalla, yalla kuti tifulumire, ndipo anzathu ankadutsa pakhomo ndi zikwama zawo. Ine sindinasunthe.

Anapukuta foniyo pa thalauza, n'kuiika pakamwa.

"Onse, mwanangu. Onse eyitini." Anapuma kaye. "Penate ija anagwira ndi a Rodney. Ndinakunamiza."

Chala chawo chinaima pamwamba pa foni, pamalo paja ndinapazolowera. Hutala inaliranso. Ulendo uno sanafufute.