Makoko a Nshawa m'Sitolo ya Thokozile

Thokozile ndi mdzukulu wanga. Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo ndinamulera ndekha ku Pembamoyo. Kuwerenga anayambira pa matumba a feteleza. Ine sukulu ndinalekera panjira, komabe ndinkamuthandiza mpaka anandipitirira, ndipo sizinatenge nthawi. Atamaliza sukulu anakagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Chipata. Anzake pobwerako amabwera ndi mapoto ndi mafoni, iye anatsika basi ndi makatoni a mabuku akale. Anthu anaseka. Onse amene anaseka ndikuwakumbukira mpaka lero.

Malume ake a Fanwell, mwana wanga woyamba, ali ndi kachipinda pa boma pano, pafupi ndi chigayo. Anamubwereka kachipindako, Thoko nakhoma mashelufu. Mabuku a sukulu ndi Mabaibulo ankayenda ndithu. Koma mtima wake unali pa Loweruka masana: ankafuna kuti anthu azisonkhana, kumvera buku likuwerengedwa, kenako n'kukambirana.

Apa ndiye analakwitsa mdzukulu wanga. Anandandalika mabenchi ngati m'kalasi, nalamula kuti pasakhale chakudya kapena phokoso. Azimayi anabwera kamodzi, anakhala manja ali pamiyendo ngati akudikira jekeseni ku kiliniki, osabweranso. Tinatsala aphunzitsi awiri ndi ine, ndipo mmodzi wa aphunzitsiwo ankasinza.

Mwezi wa Okutobala Fanwell anabwera kwathu nkhope ili gwa.

"Amama, chipinda chija ndikufuna kuikamo mbewu ndi feteleza. Thoko ndamupezera ntchito kwa mlamu wanga ku Lusaka."

"Iwe Fanwell, ku Lusakako upite ndiwe. Mwanayu ndinamubereka kumsana ine."

Thoko anagwada. "Amalume, Loweruka likubwerali kudzakhala mlendo, wolemba buku. Mudzaone nokha. Mukadzapeza mabenchi okhaokha, ndidzapita."

Mlendoyo anali a Zangaphee a ku Zemba, amene anabwera kuno ali kamtsikana, kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Analemba kabuku ka ulendo umenewo.

Thoko anakwera njinga kukaitana anthu. Kwa amai Mailesi, amene akakana chinthu azimayi onse a kutchalitchi kwathu amakananso, anapeza gulu pansi pa mtengo wa mango likuswa nshawa za mbewu.

"Mwanawe," anatero amai Mailesi, "mvula ili pakhomo. Ine ndikakhale manja lende kumvera buku, nshawa zanga aswe ndani? Bukulo?"

Thoko anakhala pamphasa, nakoka lichero, nayamba kuswa nawo. Ali mkati moswa anayamba kufotokoza chiyambi cha buku lija, mmene banja linatulukira m'mudzi moto ukuyaka kumbuyo. Atafika pamene anayandikira mtsinje, anaimirira n'kusasa chitenje.

"Iwe, ndiye anawoloka?" anafunsa amai Mailesi.

"Zimenezo mudzamva Loweruka kwa eni ake. Mubwere ndi malichero anu."

Loweruka mabenchi anatulutsidwa panja, mkati munayalidwa mphasa. Azimayi anafika atasenza matumba, ena ana kumsana, mpaka m'khonde munadzaza. A Zangaphee anafika pa njinga, thukuta kamukamu. Ataona malichero anaseka: "Mukanandiuza, ndikanabwera ndi zanga."

Anayamba kuwerenga, nshawa zikulira thethethe. "Kwezani mawu, mayi!" wina anakuwa kumbuyo. Anakweza. Anafika pamene mayi awo anamangirira nshawa pang'ono kunsonga ya chitenje, iwo akulira ndi njala m'thengo, akupempha kuti adyeko, mayiwo n'kukana. Manja onse anaima.

"Anachita bwino," anatero amai Mailesi. "Zinali za mbewu."

"Mwana akulira? Inu a Mailesi muli ndi mtima wamwala," anayankha mayi wina.

"Mwala womwewo ndi umene unakubwereka mbewu chaka chatha!"

Nyumba yonse inagwa ndi phwete, mkangano n'kukula. Aphunzitsi osinza aja nawonso analowererapo. A Zangaphee anangopisa m'thumba, natulutsa nshawa zofiira dzanja limodzi. "Zidzukulu za nshawa zija ndi izi. Ndikulimabe." Zinayenda dzanja ndi dzanja ngati khanda.

Fanwell anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, kusowa popondera.

"A Fanwell, mukutitchingira kuwala," anatero amai Mailesi. "Khalani pansi, nali lichero."

Mwana wanga, ndi nsapato zake zopolisha, anakhala pamphasa n'kuyamba kuswa. Anthu atabalalika anayang'ana pansi, makoko ali mbwee mpaka pansi pa mashelufu.

"Feteleza ndikaika kunyumba," anatero kwa Thoko. "Koma makokowa usese, akuitanira makoswe. Ndipo undisungire buku limodzi."

"Nanga za ku Lusaka?" ndinafunsa ine, chifukwa ndinkafuna zituluke pakamwa pake.

"Amama, mwamva kale."

Thoko akadali pompano. Nshawa zikatha azimayi amabwera ndi chimanga chokonola, ena nyemba, ena zoluka. Mwezi wa mawa kukubwera mnyamata wa ku Zingalume wolemba ndakatulo, ndipo amai Mailesi atumiza kale uthenga kuti adzakhale wa mawu aakulu.