Bambo Avelino ndi Tizilombo Tosanjikizana

Bambo Avelino anathawa nkhondo ya ku Mozambique mu 1987. Kwawo anali oyeza magazi, choncho chipatala china chaching'ono kufupi ndi Chowe chinawapatsa ntchito yomweyo. Anali munthu wokonda kukangana, moti akasowa mnzake ankakangana ndi maikulosikopu yawo.

"Makina awa amanena zoona theka," ankauza a Mwanamvua, namwino wa pamenepo. "Tizilombo ta malungo tikakhala aka apa, aka apo, amandionetsa bwino. Koma kena kakakhala pamwamba pa kanzake, amatiphatikiza n'kukhala chimodzi chosaoneka mutu wake."

"Mwina ndi maso anuwo, achimwene," ankatero a Mwanamvua.

Mu 1992 kunabwera a Dinala, ofufuza za malungo. Anajambula dontho limodzi la magazi kambirimbiri, akutsitsa galasi la maikulosikopu pang'onopang'ono. Anati zithunzizo azitumiza kunja, kumene kompyuta idzachite masamu obwezera kuwala komwazika pamalo pake.

"Ndiye kuti idzachotsa chifunga?" anafunsa Bambo Avelino.

"Eya, bambo. Cham'mbali zidzasintha pang'ono, poti kumeneko kukuoneka kale. Kusintha kwenikweni kudzakhala kwa pamwamba ndi pansi."

M'dontholo munali chinthu chimene a Dinala ankati ndi kachilombo kamodzi. Bambo Avelino anapotokola kagudumu ka maikulosikopu uku ndi uku, n'kunena kuti ndi tiwiri tosanjikizana. Anakangana mpaka odwala pamzere anagawikana, ena akuti kamodzi, ena tiwiri, chikhalirecho panalibe amene anasuzumiramo. Mwini magaziwo, mayi Esime, anangopempha mankhwala awo n'kumapita.

Zithunzi zinabwera patapita miyezi isanu. Cham'mbali zinali zitangowala pang'ono, monga ananenera a Dinala. Koma kuchokera pamwamba kupita pansi, chinthu chachimbuuzi chija chinali chitagawika. Tizilombo tinali titatu.

Bambo Avelino anayang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti kalikonse kanali kotalikirabe chopita pansi, ndipo a Dinala anavomera kuti masamuwo sangakonze zonse. Izi zinawatonthoza mtima Bambo Avelino.

"Inu munaphonya ndi tiwiri, ine ndi kamodzi," anatero. "Mulembe zimenezo m'lipoti lanu."

A Dinala sanalembe. Othawa nkhondo ena atayamba kubwerera kwawo mu 1993, Bambo Avelino anatsala, nakwatira mchemwali wa a Mwanamvua. Anagwirabe ntchito zaka khumi ndi ziwiri, kenako anapuma n'kuyamba kulima nandolo.