Telala Amene Anang'amba Ovolosi ya Lammert

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mayi Geesje Hovingh ankasoka maovolosi achikopa a anthu othamangitsa njinga zamoto, koma mpikisano weniweniwo sanauonerepo n'kamodzi komwe. Vani yawo inkaima kuseri kwa magalaja, chitseko chitaloza kumpanda. Zochitika pabwalo zinkawapeza momwemo, phokoso kudzera pazenera, maovolosi ong'ambika kudzera pakhomo. Akafunsidwa ngati salakalaka kukaonerako, ankati, "Ndikaonenso chiyani? Si zonse amandibweretsera patebulo pano?"

Anabadwira m'mudzi wina wa m'chigawo cha Drenthe, kumpoto kwa Ulaya, m'nyumba ya munthu wosoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Mathirakitala atabwera akavalo anachepa, bambo awo n'kutsala ndi makina osokera olemera ngati ng'ombe, ndi mwana wamkazi wodziwa kuwapalasa. Mwamwayi dera limenelo lili ndi misala yake. Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni alimi amasiya mbatatesi m'munda n'kukhamukira kubwalo, kukaona akatswiri a mayiko onse akupikisana. Ndipo kumene njinga zikuthamanga anthu amagwa, ndipo munthu akagwa pa tala amayamika kuti chang'ambika ndi chikopa cha ng'ombe, osati chake.

Akuluakulu a bwalo anavutika kuwapezera dzina mayiwa. Pa fomu ya ziphaso panali malo a okwera njinga, amakaniko, atolankhani ndi ogulitsa zakudya. Malo a telala panalibe. Komiti itakhala pansi inawalemba m'gulu la ogulitsa zakudya, moti chaka ndi chaka munthu wa zaukhondo ankabwera kudzayendera vaniyo, n'kulemba kuti firiji sanaipeze, komanso chakudya choola sanachipeze.

Luso lawo lalikulu silinali kusoka ayi, linali kuwerenga. Ovolosi ikatambasulidwa patebulo ankaiyang'ana kanthawi, n'kudziwa mmene mwiniwake amakwerera. Wochedwa kumanga mabuleki ankamudziwira mkati mwa ntchafu, mmene chikopa chimachita kunyezimira chifukwa chopana thanki ya njinga. Nthawi imeneyo, m'zaka za m'ma 1980, achinyamata anali atatengera zolendewera m'mbali mwa njinga pokhota, thako kunja, bondo likukhula tala, mpaka kachigamba kolimba ka pabondo kutha tsiku limodzi. Ena ankathamangadi mwa njira imeneyo. Ena ankangokhula bondo kuti ojambula awaone, ndipo a Geesje ankawagwira msanga, chifukwa kachigamba kawo kankadyeka pamalo olakwika.

"Iwe ukusesa bwalo," ankatero. "Alipo kale anthu olembedwa ntchito imeneyo."

Mwa onse, ovolosi imene inkawasangalatsa inali ya Lammert Hadders, pulambala wa m'mudzi woyandikana ndi wawo. Analibe kampani yomuthandiza. Njinga inali yake, makaniko anali mlamu wake, ovolosi inali imodzi yokha. Ankakwera mwachikale, atakhala pakati penipeni, zigongono atapinda, osagwedezeka, njinga n'kumayenda ngati ikudziwa yokha njira. Pabondo pake pankapezeka kachizindikiro kakang'ono ngati batani, pamalo omwewo nthawi zonse, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. Ankangokhudza tala pang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo la apongozi. Sanapambanepo. Koma mvula ikagwa, olendewera aja akamatererekera m'maudzu, Lammert ankadutsa pakati pawo phee, ndipo chaka china anamaliza wachisanu ndi chinayi pamaso pa anthu a kwawo.

Atafika zaka 36 anauza mkazi wake kuti mpikisano wa chaka chimenecho ndi womaliza. Kutatsala masabata atatu anagwa ku Belgium n'kuthyola fupa la phewa lakumanzere. Lachinayi la sabata ya mpikisano anakaonekera kwa dokotala wa bwalo. Lamulo linkati wovulala agone chafufumimba n'kudzikweza ndi manja kasanu. Akatero ndiye kuti ali bwino. Amene anasankha kasanuko sadziwika, koma kanali pa fomu. Lammert anadzikweza kasanu, mano atalumana, dokotala n'kudinda. Lachisanu poyeserera anathamanga kuposa kale lonse, n'kupeza malo a nambala 11 poyambira.

Cha m'ma 3 koloko mlamu wake anabweretsa ovolosi ndi magolovesi kuti aikemo tizigamba tatsopano. A Geesje anaitambasula, khofi wawo n'kuzizira m'kapu. Kachizindikiro ka bondo lakumanja kanali pamalo pake. Ka kumanzere kanali katayenda, kukhula mpaka m'munsi. Golovesi yakumanzere inali yosadyeka m'chikhatho, ngati sinagwire kanthu. Ndipo pachifuwa, m'mbali mwa zipi, panali penti yofiira ya thanki, yopakika mobwerezabwereza. Munthu wa manja awiri abwinobwino samenya thanki ndi chifuwa. Lammert akamanga mabuleki mkono unkagonja, thupi lonse n'kugwera kutsogolo. Poyeserera munthu amazungulira katatu kapena kanayi n'kupuma. Mawa lake kunali kuzungulira maulendo 18 osaima, pakati pa njinga zina makumi atatu.

Anasuzumira m'kolala. Munali chidindo cha oyendera zovala, pamodzi ndi nambala ya njinga ya Lammert. Wopanda ovolosi ya chidindo chotere sankaloledwa kuyamba, ndipo zenera la odindawo linkatsekedwa 5 koloko Lachisanu, osatsegulidwanso. A Geesje anatereka ketulo n'kudikira.

Lammert anatulukira patatsala theka la ola kuti zeneralo litsekedwe, nkhope ikuwala.

"Anti, mwamva? Nambala 11! Munthu wokonza zimbudzi, kutsogolo kwa anyamata a makampani opanga njinga!"

"Ndamva. Khala pansi umwe khofi."

"Sindikhalitsa. Zatheka?"

"Ukuthamangira kuti, sunathamange mokwanira lero? Tanditsitsira chitini cha mabisiketi pashelefu apo."

Shelefuyo inali kumanzere kwake. Lammert anatembenuka thupi lonse n'kutsitsa chitinicho ndi dzanja lamanja. A Geesje anathira khofi pang'onopang'ono, ngati akuyeza mankhwala.

"Phewa lili bwanji?"

"Adokotala adinda."

"Sindinafunse za adokotala. Iwo aja angadinde ngakhale nkhuku yootcha, bola idzikweze kasanu."

"Aaa, anti, udokotala mwauyamba liti? Ine ndimadziwa kuti pa chiphaso chanu analemba zogulitsa tchipisi."

"Analembadi. Nanga penti ili pachifuwayi? Umaikumbatira njingayo? Mkazi wako akudziwa?"

Lammert anayang'ana pentiyo, kuseka n'kumuthera.

"Ndikuigwira ndi miyendo," anatero. "Ndapeza njira yake. Komanso makona ambiri pano ndi akumanja."

"Mabuleki alibe kumanja kapena kumanzere. Gona pansi apa. Ukadzikweza makumi awiri, utenga ovolosi yako, ine sindinenanso kanthu."

"Mukundiyesa mwana wa sukulu?"

"Ndikukuyesa pulambala wa mkono umodzi. Gona."

Anagona pakati pa tizidutswa ta zikopa. Kasanu anadzikweza bwinobwino, monga munthu amene anakonzekera mayeso. Kachisanu ndi chimodzi thukuta linadontha. Kachisanu ndi chiwiri mkono wakumanzere unapindika wokha, chibwano n'kumenya pansi.

"Ndaterereka," anatero ali chigonere.

"Eya. Ndi mafuta a tchipisi amenewo."

Anadzuka n'kukhala tsonga, msana atatsamira mwendo wa tebulo. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Anti, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyambira kumbuyo, kuonerera misana ya anthu. Mawa lokha basi. Ndikaona kuti zavuta ndiima."

"Iwe sunaimepo. Ndimakusokera ndine, ndikukudziwa. Ndipo ukagwa pakona yoyamba sugwa wekha. Kumbuyo kwako kukhala anthu makumi awiri, ana a eni ake."

"Moyo ndi wanga. Ndipatseni chovala changa."

A Geesje anayang'ana wotchi. Panatsala mphindi khumi. Anatenga sizasi yaikulu yodulira zikopa, n'kuilowetsa m'kolala, pakati penipeni pa chidindo, n'kutsika nayo msana wonse mpaka m'chiuno. Msoko umenewo anausoka okha, katatu, kuti usadzang'ambike ngakhale munthu atakhulika pa tala mtunda wautali, ndipo anachita kutsamira ndi thupi lonse kuti sizasi idutse.

Lammert sanakalipe. Anayang'ana zidutswa ziwirizo, anawayang'ana mayiwo, n'kutuluka chothamanga. Anapeza Mjeremani wina wa msinkhu wake amene anali ndi ovolosi yapadera, anaibwereka, n'kuthamanga nayo kudutsa magalaja onse. Anafika pazenera la odinda 5 koloko itapitirira ndi mphindi zinayi.

Kuseri kwa galasi kunali mwini chidindo, bambo Venekamp, akumasula buledi wa tchizi m'pepala. Lammert anagogoda n'kukweza ovolosi m'mwamba. Bambowo analoza chikwangwani cha nthawi. Lammert anagogodanso, kufotokoza, kuchonderera, kutchula mudzi wa kwawo ndi dzina la malemu bambo ake. Bambo Venekamp anamvetsera mwaulemu mpaka pamapeto, analozanso chikwangwani, n'kuluma buledi. Pa zaka zonse za ntchito yawo sanatsegulirepo munthu nthawi itakwana, ndipo panalibe wokwera njinga amene sanawatukwanepo mumtima. A Geesje nawonso anali atawatukwanapo kangapo. Tsiku limenelo anawadalira monga mmene munthu amadalirira khoma.

Loweruka malo a nambala 11 anakhala opanda munthu. Lammert anali kwawo, akukonza mpope wa sukulu ndi dzanja limodzi.

Analemba kalata yodandaula, ndipo komiti inakumana katatu. Inafufuza m'buku lonse la malamulo, koma sinapeze ndime yoletsa wogulitsa zakudya kudula zovala. Pamsonkhano wachitatu wina anatumidwa ndi tepi, n'kupeza kuti vani ya mayi Hovingh inali yotalikirapo pang'ono kuposa muyezo wa ogulitsa zakudya, ndipo inali yotero kuyambira kale. Anawalanda chiphaso kwa chaka chimodzi. Za phewa sizinalembedwe paliponse, popeza dokotala anali atadinda.

Chaka chotsatira a Geesje anaimika vani m'munda wa mlimi wina, kutsidya kwa geti. Okwera ambiri ankawoloka msewu kuwatsata komweko, maovolosi ali paphewa. Ena sanabwerenso, amati safuna telala wosankhira munthu zochita, ndipo a Geesje sanawatsutse. Nyengo yozizira anadula msana watsopano, anasoka ovolosi ija mpaka kukhala bwino kuposa kale, n'kuitumiza kwa Lammert papositi. Inabwerera yosatsegula.

Lammert sanapikisanenso, ndipo sanawakhululukire. Akakumana kogula buledi amagwedeza mutu, iwonso amagwedeza, aliyense n'kuyang'ana mashelefu. Pano a Geesje anapuma ntchito, maso anafooka, koma makina aja akadali pakhonde, ndipo alimi amabwerabe ndi malamba oduka. Mmodzi wa iwo, munthu wokonda kukumba zakale, anawafunsa tsiku lina ngati akutsimikiza kuti Lammert akanagwadi.

"Sindikutsimikiza," anayankha. "Mwina akanamaliza. Mwinanso pa nambala yabwino, chifukwa kunagwa kamvula tsiku lija. Munthu uja ankadziwa kukwera njinga kuposa onse amene ndinawasokerapo, ndipo zimenezo ndikuzidziwa kuposa inu nonse."

Anapapasa lamba wa mlimiyo kufuna poduka.

"Tagwirani apa, mukoke," anatero. "Mwamphamvu, simundipweteka."