Tsiku Limene A Lungu Anabweleka Dzina Langa

Mundikhululukile, ine kulemba sindikudziwa bwino. Koma dzulo wailesi inanena za anyamata athu amene akumenyela malo pa mpikisano wa mpila wa maiko, ndipo fungo lina lakale linandibwelela m'mphuno.

Ndili ku pulaimale kwathu ku Ndake, tinapita ku Nyimba kukasewela pamaso pa anthu osankha ana a timu ya chigawo. Ndinali nditavala kale jezi pamene aphunzitsi anandiitanila kuseli kwa mtengo.

"Vula, mwana wanga. Lelo a Lungu asewela pa dzina lako."

A Lungu anali mlimi wa thonje. Anali atameta ndevu m'mawa womwewo, chibwano chonse mabala a lezala. Ine ndinakondwa, ndimvekele mumtima kuti ndi ulemu munthu wamkulu kubweleka dzina langa.

Atagoletsa, kamwana kawo kanathamangila m'bwalo kakufuula, "Atate! Atate agoletsa!"

"Aphunzitsi, kwanu ana a giledi seveni amabala?" anafunsa mmodzi wa osankhawo, akufufuta dzina langa.

Jezi anandibwezela ili chinyowele, ikununkha thukuta, fodya ndi kachasu. Ndinailandila ndi manja awili, n'kunena zikomo.

Sindinaitanidwenso. Mpaka lelo zikomo ameneyo amandinyansa kuposa fungo lija.