Cheke cha Mtedza wa Amayi

Ndikalowa m'banki ku City Centre n'kumva fungo la polishi wa pansi, ndimakumbukira tsiku limene amayi ananditenga kuti ndikawamasulire Chingerezi. Ndinali Sitandade 4. Iwo anali atagulitsa matumba asanu a mtedza kwa bambo wina wa ku Old Town, amene anawapatsa cheke m'malo mwa ndalama.

Mayi wa pakauntala anafufuza pang'ono, nati, "Pepani, chekechi chabaunsa."

Mawuwo ndinkawadziwira ku netibolo. Ndinalumphira monyadira, "Amayi, akuti chanjanja ngati mpira!"

"Chanjanja bwanji, poti ndinachisunga m'Baibulo?" anadabwa amayi.

Mayi uja sanaseke. Anatsitsa mawu, "Mayi, mu akaunti ya bamboyo mulibe ndalama."

Amayi anapinda chekecho n'kuchimanga kunsonga ya chitenje. Tinabwerera wapansi, dzuwa likuswa mtengo, poti ndalama ya minibasi tinkayembekezera kuipeza kubanki komweko. Njira yonse ankangoti, "Tanenanso mawu aja, mwanawe," mpaka anawagwira. Bambo uja sitinamuonenso.

Nthawiyo ndinkaganiza kuti akundiyesa za kusukulu, koma iwo ankaloweza mawuwo kuti munthu asadzawapusitsenso.